Mapulogalamu Amasiye

Caka ndi caka, mvula isanathe, mabungwe olemba mapulogalamu a kompyuta a ku maiko akutali amaturutsa mindandanda ya nchito zimene afuna kuti acinyamata awagwirire. Mwambo umenewu unayambidwa ndi kampani ya Google m'caka ca 2005, ndipo dzina lace ndi Google Summer of Code. Dzinali linena nyengo yofunda ya ku Ulaya ndi ku America, pamene ophunzira a kumeneko atsekera sukulu. Koma kuno ku Zambia miyezi yomweyo ya Juni, Julaye ndi Ogasiti ndiyo ya cisanu, dzinthu zitalowa m'nkhokwe, anthu alinkuotha moto. Kanthu aka nkakang'ono, komabe kasonyeza kuti okonza mwambowo sanali kuganiza za cigwa ca Zambezi. Iwo alibe mlandu pamenepo, pakuti munthu ali yense amanga nkhokwe poyang'ana munda wace. Mlandu uli pa acinyamata a kuno ndi aphunzitsi ao, amene alowa m'mwambowo ataiwala kumene anacokera.

Makonzedwe ace ali motere. Pali mapulogalamu ena ochedwa otseguka, ndiye kuti malembo ao a m'kati munthu ali yense aloledwa kuwawerenga, kuwakonza ndi kugawira anzace osalipira kanthu. Mabungwe osunga mapulogalamu otere apempha kulowa m'mwambowo, ndipo olandiridwa amalengezedwa ca mu Febuluwale. Zaka zapitazi akhala pafupifupi 200 pa caka. Bungwe liri lonse liika poyera mndandanda wa nchito zace pamodzi ndi maina a alangizi. Wofuna kulowa asankha nchito, alemba cikalata cofotokoza m'mene adzaigwirira, nacitumiza kumapeto kwa Marichi kapena kuciyambi kwa Epulo. Osankhidwa, amene apitirira 1,000 pa dziko lonse lapansi, amamva ca mu Meyi, nagwira nchito kawirikawiri masabata 12, mlangizi alinkuona zimene alemba ndi kuwabweza pamene asokera, monga acitira namkungwi. Kale mwai unali wa ophunzira okha, koma kuyambira 2022 ali yense wa zaka 18 kapena kuposa, amene ali mlendo pa nchitoyi, akhoza kupempha ngakhale sanapondepo pa yunivesite. M'caka ca 2024 nchito zinali za misinkhu itatu, ya maora 90, ya maora 175 ndi ya maora 350, ndipo malipiro otsikitsitsa anali madola 750, 1,500 ndi 3,000. Mwambo wina wofanana nao, wa Outreachy, caka comweco unalipira madola 7,000 pa miyezi itatu.

Kwa mnyamata kapena msungwana wotsiriza Giredi 12, amene alinkukhala pakhomo kudikira nchito yosaoneka, ndalama izi si zoseweretsa iai. Zikhoza kugula kompyuta yace yace ndi kulipira caka coyamba ca maphunziro apamwamba. Ncifukwa cace nkofunika kunena mosabisa za njira ziwiri zimene acinyamata amataira mwai umenewu.

Woyamba ndi wokopera. Iyeyu atsegula mndandanda mu Marichi, masiku atatsala pang'ono, nasankha nchito ya dzina lalitali ndi looneka lanzeru, ya pulogalamu imene sanaigwiritsepo nchito ngakhale tsiku limodzi. Cikalata cace cibwereza mau a mlangizi mwini, atangosinthidwa pang'ono. Masiku ano enanso amauza makina kuti awalembere cikalata conse. Mlangizi amene awerenga zikalata makumi angapo pa nchito imodzi azindikira msanga, pakuti zonse zifanana ngati mazira a nkhanga imodzi. Ndipo wokoperayo alinkupikisana ndi ophunzira zikwi a ku India ndi kwina, amene ambiri a iwo anayamba kukonza zolakwa zazing'ono za pulogalamuyo Januwale asanathe, nadziwika kale ndi alangizi. Iye walowa nkhondo pa malo amene ali wofooka koposa. Cinthu cimodzi cimene adziwa kuposa onsewo, ndico umoyo wa kwao, acibisa ngati nsanza.

Waciwiri ndi wolota zazikuru, ndipo iyeyu ndiye acititsa cisoni kwambiri cifukwa mtima wace ngwabwino. Afuna kumanga pulogalamu yatsopano kuyambira pa maziko, imene idzathetsa njala, umbuli ndi matenda m'Afirika yense. Mtima umenewu umaleredwa m'mipikisano ya masiku awiri imene icitikira m'mahotela a m'mizinda, kumene acinyamata agona pa mipando, aonetsa cinthu conyezimira pa khoma, alandira mphoto, najambulidwa zithunzi. Pakapita miyezi itatu cinthuco cafa. Palibe mlimi anacikhudza, palibe namwino anacitsegula, ndipo wocilemba uja wapeza nchito kwina. Pa intaneti pali manda akuru a mapulogalamu amasiye otere, opanda wowagwiritsa nchito ndiponso opanda wowalera. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Wolota uja akafika ku Google Summer of Code apeza khomo lotseka, pakuti mwambowo ufuna munthu wolowa m'banja limene liripo kale, nasenzako mtolo wace.

Nanga nchito yabwino aizindikira bwanji? Muyeso wace ndi mudzi weniweni wa anthu enieni, ndipo ukhale mudzi wobvuta, kuti cimene cagwira nchito kumeneko cikagwire pali ponse. Mudzi wa Kavalamanja uyenera kwambiri kukhala muyeso wotere. Uli m'boma la Luangwa, m'dziko la Mfumu Mphuka, m'mphepete mwa Zambezi kumtunda kwa Feira, ndipo tsidya lina la mtsinje ndi Zimbabwe. Wocokera ku Lusaka ayenda mseu waukuru wa kum'mawa kufikira pa mlatho wa Luangwa, napatukira kum'mwera makilomita pafupifupi 90 kuti afike ku Feira, kumene Luangwa athira m'Zambezi, moyang'anana ndi Zumbo wa ku Mozambique. Dzina lakuti Feira ndi la Cipwitikizi, ndipo litanthauza msika, cifukwa Apwitikizi anali kucita malonda pamenepo zaka mazana apitawo. Cigwaci ndico malo otsika koposa m'Zambia monse, cotero kutentha kwace nkoopsya ndi mvula njocepa. Anthu akhalira usodzi, minda ya m'mphepete mwa mtsinje, kuluka mphasa ndi kuchola masau. Njobvu zocokera ku nkhalango ya Lower Zambezi zimatha munda usiku umodzi, ndipo pa dooko pali ng'ona ndi mvuu. Pakhomo alankhula Cikunda ndi Cinsenga, kusukulu aphunzira Cinyanja ndi Cingerezi.

Pulogalamu iri yonse iyenera kufunsidwa mafunso a ku Kavalamanja. Kodi igwira nchito netiweki itacoka? Kodi foni ikazima munthu ali pakati polemba, zimene analemba zitayika? Kodi ilowa m'foni yakale ya mtengo wotsika, kapena ifuna yatsopano? Kodi mai wosawerenga Cingerezi apeza pokanikiza? Wolemba mapulogalamu wa ku Berlin kapena ku California sadzifunsa zimenezi kawirikawiri, popeza kwao magetsi sazima ndipo intaneti iri ngati mpweya. Mwana wa m'cigwa azidziwa osaphunzitsidwa. Imeneyi ndiyo nzeru imene mabungwe aja aisowa, ndipo ambiri a iwo alola wopempha kubwera ndi nchito ya m'mutu mwace, yosalembedwa pa mndandanda, malinga akambirane ndi alangizi nthawi ikalipo.

Zimene zinacitika ku Namitete m'Malawi ziphunzitsa bwino. Wophunzira wina wa ku Stanford, Josh Nesbit, anakathandiza pa cipatala ca St Gabriel's m'caka ca 2007, naona kuti anthu odzipereka osamala odwala m'midzi anali kuyenda mitunda yaitali, pansi kapena pa njinga, kungokapereka uthenga kucipatala. Pa chuthi ca 2008 anabwerako ndi kompyuta imodzi ya m'manja ndi mafoni akale 100. Pulogalamu sanailembe yekha. Anatenga FrontlineSMS, imene Ken Banks analemba mu 2005, yotumiza ndi kulandira mauthenga afupi popanda intaneti. M'nchito yaing'ono imeneyo munaturuka bungwe la Medic Mobile, limene zipangizo zace zinafalikira m'maiko ambiri. M'Zambia momwe muno, mu 2010, nchito yochedwa Project Mwana inagwiritsa pulogalamu yotseguka ya RapidSMS kufikitsa msanga zotsatira za magazi a makanda ku zipatala za kumidzi ku Luapula. Cocititsa manyazi pa nkhani ya ku Namitete ncakuti anaona bvutolo ndi mlendo wocokera tsidya la nyanja, pamene ana a m'midzi yomweyo anali kuliona tsiku ndi tsiku. Akuru anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa; koma sananene kuti eni mudzi aleke kunola malumo ao.

Nchito yoyamba yoyenera mwana wa Cinyanja, imene palibe Mmwenye kapena Mzungu angamlande, ndi ya cinenero. Cinyanja cilembedwa mitundu iwiri. Ku Zambia kalembedwe kobvomerezedwa ndi Unduna wa Maphunziro mu 1977 kalemba cinthu ndi nchito. Ku Malawi, kumene cinenero cinachedwa Chichewa mu 1968 ndipo Chichewa Board inaika malamulo ace mu 1973, alemba chinthu ndi ntchito. Mabuku akale, monga Nthondo wa Samuel Ntara wa 1933, ali ndi kalembedwe kenanso ka masiku ao. Mwana wa ku Lilongwe akaona bvuto, mau ndi wace apunthwa, ndipo makina ofufuzira mau sadziwa kuti caka ndi chaka ndi liu limodzi. Pulogalamu yotembenuza kalembedwe kena kukhala kena ioneka yopepuka, koma iri ndi misampha yace. Ch wa ku Zambia ndiye tch wa ku Malawi, ndipo c wa ku Zambia ndiye ch wa ku Malawi. Wosintha c poyamba aononga zonse, cifukwa sadzathanso kusiyanitsa ch wakale ndi watsopano. Maina monga Chipata ndi Chadiza sayenera kukhudzidwa, cotero pafunika mndandanda wa maina. Pobwerera kucokera ku Malawi kudza ku Zambia msampha uli mbali yina. Iyi ndi nchito ya maora 175 yeniyeni, yokhoza kutha, yokhoza kuyesedwa, ndipo aphunzitsi ndi osindikiza mabuku a maiko awiri angaigwiritse nchito mawa lomwe. Bungwe la Apertium, limene linayambira ku yunivesite ya Alicante ku Spain kutembenuza zinenero zapacibale monga Cisipanishi ndi Cikatalani, lakhala likulandira ophunzira zaka zambiri kuyambira 2009, ndipo nchito yotere iri pafupi ndi zimene licita.

Pafupi ndi imeneyo pali ya kuongola zolemba. Wolemba kalata m'Cinyanja pa kompyuta aona mizere yofiira pansi pa liu liri lonse, monga ngati cinenero conse ncolakwa. M'Cingerezi mndandanda wa mau ukwanira, koma m'Cinyanja tsinde limodzi libala mau zikwi. Liu lakuti sitidzakuonaninso liri ndi zidutswa zisanu ndi zitatu, ndipo cidutswa ciri conse cikhoza kusinthidwa ndi cina. Palibe munthu angalembe mau onsewo m'mndandanda. Ayenera kuphunzitsa makina malamulo a kalumikizidwe, ndi magulu a maina, kuti adziwe kuti munthu wabwino ndi cinthu cabwino nzolondola koma cinthu wabwino ncolakwa. Cipangizo ca Hunspell, cimene LibreOffice ndi Firefox zigwiritsa nchito, cinapangidwira Cihangare, cinenero cimene naco cilumikiza zidutswa, cotero njira iripo. Ena anayambapo kale kusonkhanitsa mau a Cinyanja m'cipangizoci, koma munda wotsala ngwaukuru kuposa wolimidwa.

Zina ziri m'minda ndi pa dooko. Mlimi amene njobvu zamdyera cimanga afuna kuti anyamata a zanyama amve msanga, ndi kuti pakhale umboni wa tsiku ndi malo. Pulogalamu yotseguka ya ODK, imene inayamba mu 2008, isunga kale mafomu m'foni popanda intaneti, nawatumiza netiweki ikapezeka. Wanzeru sayambanso ina, koma afunsa cimene cilepheretsa mlimi wa ku Kavalamanja kuigwiritsa nchito, nakonza comweco. Mapu a OpenStreetMap, amene anthu wamba ajambula okha kuyambira 2004, adziwa khwalala liri lonse la ku London, koma njira za m'midzi, zitsime ndi madooko zimasowa kawirikawiri, ndipo zipangizo zojambulira zifuna kupepukitsidwa kuti zilowe m'mafoni ofooka. Kiwix ndi Kolibri zinyamula mabuku ndi maphunziro ku sukulu yopanda intaneti. OpenMRS, imene inabadwira ku Eldoret m'Kenya mu 2004, isunga mbiri ya odwala. Mifos isunga mabuku a ngongole ndi zosunga za magulu ang'ono, ndipo pa malo amene kwacha, metikali ndi dola zikomana pa msika umodzi pali funso labwino lofunsa alangizi ace. Mabungwe onsewa analandirapo ophunzira m'mwambo wa Google zaka zosiyanasiyana.

Pali nchito yinanso imene siingadikire. Pa 6 Marichi 1978 asilikali a Rhodesia anagwera msasa wa ankhondo a ZIPRA, a Joshua Nkomo, ku Kavalamanja, ndipo pamodzi ndi ankhondowo panafa asilikali a Zambia ndi anthu a m'mudzi. Tsikulo likumbukiridwa kumeneko, koma zambiri zolembedwa za nkhondoyo zinalembedwa m'Cingerezi ndi amene anadza ndi ndege. Amene anathawira m'chire tsiku limenelo ali anyamata ndi asungwana a zaka 20 tsopano ayandikira zaka 70. Mau ao afunika kujambulidwa m'cinenero cao, ndi cilolezo cao ndi ca mfumu, pakuti mbiri ya munthu si masau ongotola pansi. Pamenepa wolemba mapulogalamu ali ndi gawo lace: cojambulira mau cogwira popanda intaneti, cosunga dzina la mudzi, tsiku ndi cilolezo, cokhoza kutumiza pang'onopang'ono ku nkhokwe ya Wikimedia osayambanso netiweki ikaduka. Ofufuza a ku yunivesite ya Zambia anaturutsa mu 2023 nkhokwe ya mau olankhulidwa yochedwa Zambezi Voice, ya Cibemba, Cinyanja, Citonga ndi Cilozi, yophunzitsira makina kumva zinenerozi. Cikunda mulibe m'menemo. Makina sadzamva cinenero cimene eni ace sanawapatse, ndipo ana a m'cigwa akapanda kucijambula, palibe wa ku California adzabwera kudzacicita.

Otsutsa ali ndi mau ao, ndipo ena ngoona. Anena kuti mwana wa kumudzi alibe kompyuta ngakhale magetsi, nanga maora 350 adzawapeza kuti? Izi nzoona ndithu. M'caka ca 2015, pamene ana a Giredi 9 analemba koyamba mayeso a kompyuta, m'masukulu ambiri anadikirana mpaka usiku cifukwa makina anali ocepa. Mu 2024 cilala cinacepetsa madzi ku Kariba, kotero kuti ngakhale mu Lusaka anthu anakhala mumdima maora ambiri pa tsiku. Mwana wa ku Kavalamanja mwina adzayenera kukakhala kwa acibale ku Feira kapena ku Lusaka miyezi itatuyo. Komatu dziko ili si lacilendo pa zinthu izi. Yunivesite ya Zambia inalumikiza dziko ku intaneti mu 1994 mwa ZAMNET, maiko ambiri a m'Afirika asanatero, ndipo BongoHive wakhala akusonkhanitsa olemba mapulogalamu mu Lusaka kuyambira 2011. Cimene cisowa ndi aphunzitsi ouza ana kuti mwambowu ulipo, ndi sukulu zolola mwana wotsiriza maphunziro kubwera madzulo kudzagwiritsa makina amene akhala otsekeredwa m'cipinda, ataphimbidwa ndi nsaru kuopa pfumbi. Kompyuta yosungidwa motero isiyana pati ndi khasu lopacikidwa pa denga nthawi ya dzinja?

Ena anena kuti mlangizi wa ku Ulaya sasamala za njobvu. Nzoonanso, ndipo wopempha asamlembere za njobvu masamba atatu. Amuuze m'cinenero ca nchito yace: kuti fomu itaya zolembedwa foni ikazima, kuti cithunzi cikana kutumizika pa netiweki yofooka, kuti mau aatali a Cinyanja aduka pa batani. Mlangizi amva zimenezi msanga, cifukwa ndi zilema za mwana wace, ndipo adziwa kuti zikakonzedwa zithandiza anthu a ku Nepal ndi ku Peru omwe. Enanso akayika kuti Google acita izi cifukwa ca phindu lace. Inde, kampani si mishoni; ipindula ndi mapulogalamu otseguka ndiponso ndi anchito ozolowera. Koma zimene wophunzira alemba sizikhala za Google. Zikhala poyera, ndi dzina lace, ndipo wolemba anthu nchito ku Lusaka kapena ku Nairobi akhoza kuziwerenga yekha, cimene satifiketi siingamuonetse.

Mayeso a Giredi 12 amatha ca mu Novembala, ndipo kucokera pamenepo kufikira Marichi pali miyezi inai. Iwiri yoyamba ikwanira kuphunzira ciyambi ca cinenero cimodzi ca makina, monga Python, ndi kagwiritsidwe ka git, kamene olemba mapulogalamu atumizirana nako zokonza. Wotsiriza sukulu asankhe bungwe limodzi, pakuti mapanga awiri abvumbwitsa, naike pulogalamu yace m'foni, napite nayo kwa namwino, kwa mphunzitsi kapena kwa msodzi, naone pamene cala ca munthuyo ciima. Atumize cokonza cimodzi cacing'ono mu Januwale, ngakhale ca mizere isanu, ndi kupirira pamene mlangizi acibweza kawiri kapena katatu. Mwina caka coyamba sadzasankhidwa, ndipo ena osankhidwa anayesa kawiri. Pa tsamba loyamba la cikalata cace alembe amene adzagwiritsa nchito cinthuco, ndi amene adzacilera masabata 12 atatha. Zaka zapitazi khomo la zikalata latsekedwa pa 18 koloko ya nthawi ya Greenwich, imene iri 20 koloko ya kuno, ndipo wocedwa ndi mphindi imodzi salandiridwa. Wokhala m'cigwa atumize kukali masiku awiri, popeza netiweki ya madzulo siidalirika.